Kalata kwa mwana wanga pa nkhani ya mapiritsi aja

Wokondedwa mwana wanga,

Ndakhala ndikusinkhasinkha zimene unandiuza pafoni, zoti unapeza mapiritsi olera m'chikwama cha sukulu cha mdzukulu wanga, ndipo unawataya usanamufunse n'komwe kanthu. Mkwiyo wako ndikuumvetsa, pakuti mwana wa zaka 16 amaonekabe khanda m'maso mwa mayi ake. Komabe uganizire bwino chimene watayacho, chifukwa ngati chibwenzi chilipo, mapiritsiwo apita koma chibwenzicho chatsala, ndipo tsopano mwanayo alibe chomuteteza.

Ndili pasukulu, mnzanga wina amene tinkakhala desiki imodzi anatenga mimba ali ndi zaka 15. Nthawi yochira itakwana anavutika masiku atatu chifukwa chiuno chake chinali chisanakhwime, mwana anafera m'mimba, ndipo iye anatsala ndi matenda a fistula, amene amachititsa mkodzo kumangotuluka wosaletseka. Ndimakumbukirabe mmene ankakhalira payekha kutali ndi anthu, atadziphatika nsanza, akuyang'ana pansi ife tikamadutsa ndi mabuku. Makolo ake anali okhwimitsa malamulo kuposa iwe, ndipo m'nyumba mwawo nkhani zotere sizinkatchulidwa.

Tsoka limeneli silinathe ndi nthawi yathu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti m'maiko amene akutukuka kumene, atsikana pafupifupi 21 miliyoni a zaka 15 mpaka 19 amatenga mimba chaka chilichonse, ndipo pafupifupi theka la mimbazo zimakhala zosayembekezereka. Mtsikana wamng'ono amakhala pachiopsezo chachikulu cha kuthamanga kwa magazi kumene kumafika pomukomola ali woyembekezera, mwana wake amatha kubadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi, ndipo ambiri amene amaopa makolo amakachotsa mimbayo mobisa kwa anthu osadziwa ntchito, n'kutaya magazi mpaka kufa. Za sukulu yosiyira panjira sindikuuza, ukuzidziwa.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mwina mwanayo akuganiza kuti mapiritsiwo akumuteteza ku zonse. Mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku, jakisoni wa miyezi 3, ngakhale kachipangizo koika pamkono kamene kamagwira ntchito zaka 3 mpaka 5, zonsezi zimaletsa mimba yokha basi. Sizitchinga HIV, chindoko kapena chinzonono, ndipo pa njira zonse zolera, kondomu yokha ndiyo imateteza ku mimba ndi ku matendawa pamodzi. Unandiuzanso kuti ukuopa kuti mankhwalawa amuumitsa asadzabereke. Mapiritsi sachititsa zimenezo, ndipo jakisoni amangochedwetsa kutenga mimba kwa miyezi ingapo munthu akasiya. Chimene chimatsekadi njira za mazira n'kusiya mkazi wosabereka ndi chinzonono chosachizidwa msanga, chimene nthawi zambiri sichionetsa zizindikiro mwa atsikana.

Adziwenso, ngakhale n'zowawa kuzitchula, kuti ngati wina atamugwirira kapena kondomu itang'ambika, pali mapiritsi apangozi oletsa mimba amene amamwedwa pasanathe masiku 5, komanso mankhwala a PEP oteteza ku HIV amene ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Mwana amene amaopa mayi ake amakhala chete mpaka maola amenewa atatha.

Sindikunena kuti umuombere m'manja. Umuuze maganizo ako onse, kuti ukadakonda akadadikira, ndipo umufunse modekha za mnyamatayo, makamaka msinkhu wake, pakuti ngati ndi munthu wamkulu kapena womupatsa ndalama, imeneyo ndi nkhani ina yofunika kuithamangira. Ukatero upite naye kuchipatala sabata ino, popeza wadukiza kale kumwa mapiritsi, ndipo mukafika umulole alowe yekha kwa namwino, iwe udikire panja. Ngati kuyamba kulankhula naye kukukuvuta, undiimbire, ndiyambe ndine.

Ndine mayi ako.