Kalata ya Abusa: Za Nsanja ya Landmark ndi Mwini Wake Amene Sanalowemo

Kwa akulu ampingo, atumiki, amayi a chigwirizano, achinyamata ndi Akhristu onse a m'milaga yathu.

Abale ndi alongo okondedwa mwa Ambuye, chisomo ndi mtendere zikhale nanu nonse.

Pa msonkhano wathu wapitawu, akulu ampingo anandipempha kuti ndilankhulepo pa nkhani ya juga, chifukwa madandaulo okhudza kubetcha mpira ndi masewera a pa foni aja mukuwatchula kuti kandege akufika kwa iwo pafupipafupi, makamaka kuchokera kwa amayi. Ndaona kuti ndisakalipe pa gome, pakuti ambiri mwa amene nkhaniyi ikuwakhudza akhala akukalipiridwa kunyumba ndipo sizinathandize. M'malo mwake ndikulemberani mbiri ya nyumba ina yotchovera juga imene inagumulidwa kale, pamodzi ndi mbiri ya munthu amene anaigula. Nkhaniyi ndinaipeza chifukwa cha mnyamata wathu wina amene anandionetsa pa foni kakanema ka nsanja yayitali ikung'ambika pakati n'kugwa m'fumbi. Anzake anali kuseka, ine ndinafuna kudziwa kuti nsanjayo inali ya yani.

Dzina lake inali Landmark, ndipo inali mumzinda wa Las Vegas, m'chigawo cha Nevada ku America, mzinda wa m'chipululu umene unakula chifukwa boma la chigawocho linaloleza juga mu 1931. Eni makasino a kumeneko anazindikira msanga kuti matebulo otchoverapo juga amafanana kulikonse, choncho aliyense ankaveka nyumba yake maonekedwe a dziko lina kuti akope anthu: wina ankatengera nthano za Aluya, wina ufumu wa Roma, wina moyo wa oweta ng'ombe akale. Landmark inavekedwa maonekedwe a zakumwamba, popeza m'zaka zimenezo America ndi Soviet Union zinali pa mpikisano wopita ku mwezi. Anaimanga motengera nsanja ya Space Needle ya ku Seattle: thunthu lowonda, pamwamba pake chinyumba chozungulira ngati mbale yovundikira, ndi chikepe cha magalasi chokwera kunja kwa khoma kuti wokweramo aone mzinda wonse ukutsalira pansi. Inali ndi nsanjika 31, ndipo juga inkatchovedwa pansi komanso pamwamba penipenipo.

Amene anayamba kuimanga mu 1961 anali Frank Caroll, kontrakitala wochokera ku Kansas City. Thunthu linakwera ndithu, koma ndalama zinamuthera ntchito isanathe, ndipo nsanjayo inakhala zaka zingapo ili gwa, yopanda mlendo, anthu a mumzindamo akuiseka. Inu amene mumawerenga Luka 14 mwakumbukira kale mawu a Ambuye onena za munthu wofuna kumanga nsanja amene sayamba wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Sindikhalitsa pamenepa, chifukwa munthu amene ndikufuna timuone bwino ndi wachiwiriyu, amene ndalama sizinamutherepo.

Howard Hughes anabadwa mu 1905 ku Texas. Bambo ake anapanga chitsulo chobowolera miyala pokumba zitsime za mafuta, ndipo makampani ambiri okumba mafuta ankachidalira. Mayi ake anamwalira mu 1922, bambo ake mu 1924, iye n'kutsala ndi gawo lalikulu la chumacho ali ndi zaka 18, wopanda mbale wobadwa naye. Sanali munthu waulesi kapena wopusa. Anapanga mafilimu ku Hollywood, anakonza ndege n'kumaziyendetsa yekha, ndipo mu 1938 anazungulira dziko lonse pa ndege m'maola 91, zimene zinamutchukitsa kwambiri. Mu 1953 anakhazikitsa bungwe lofufuza za mankhwala, Howard Hughes Medical Institute, limene likugwirabe ntchito yaikulu mpaka lero, ndipo ndikulitchula kuti tisamuweruze ngati munthu amene sanachitepo chabwino. Koma mu 1946 ndege imene ankaiyesa inagwa ku Beverly Hills, iye n'kuvulala koopsa, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kudalira mankhwala opha ululu amene sanathenso kuwasiya. Analinso ndi matenda a m'maganizo omuchititsa mantha aakulu ndi tizilombo toyambitsa matenda, moti anafika poopa kugwira chitseko kapena kupatsana moni wa dzanja. Amenewa anali matenda, abale, ndipo sitiseka munthu chifukwa cha matenda.

Mu 1966 anagulitsa masheya ake mu kampani ya ndege ya TWA pa madola oposa 500 miliyoni. M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho anafika ku Las Vegas pa sitima ya pamtunda, usiku, ndipo anamukweza ku nsanjika yapamwamba ya hotela yotchedwa Desert Inn. Patapita milungu ingapo eni hotelayo anamupempha kuti atuluke, chifukwa zipinda zapamwambazo ankasungira alendo otchova juga ya ndalama zambiri, pamene iye sankatchova n'komwe. Hughes sanatuluke. Anagula hotela yonseyo mu 1967 pa madola pafupifupi 13 miliyoni, ndipo pambuyo pake anagulanso Sands, Castaways, Frontier ndi Silver Slipper. Popeza tulo sitinkabwera usiku ndipo wailesi ya kanema ya mumzindamo inkatseka msanga, anagulanso wailesiyo kuti izionetsa mafilimu mpaka mbandakucha. Mlaliki 5 amanena kuti tulo ta munthu wogwira ntchito n'tokoma, kaya wadya pang'ono kaya zambiri, koma kukhuta kwa wolemera sikumulola kugona. Ndalalikirapo vesi limeneli kangapo, koma sindinaganizepo kuti munthu angagule wailesi yonse chifukwa chosowa tulo.

Landmark anaigula kumayambiriro kwa 1969 pa madola 17.3 miliyoni. Pafupi pomwepo munthu wina wachuma, Kirk Kerkorian, anali kumaliza hotela ya International ya zipinda zoposa 1,500, ndipo Hughes sanafune kuti mnzakeyo amupose. Amene ankamuyendetsera zinthu ku Nevada anali Robert Maheu, ndipo chodabwitsa n'chakuti awiriwa anagwira ntchito limodzi zaka zambiri osaonana maso ndi maso. Ankalankhulana pa telefoni ndi pa timakalata tolemba pamanja. Pokonzekera kutsegulira Landmark anakangana masiku ambiri pa tsiku lotsegulira ndi pa mayina a oyenera kuitanidwa, Hughes akusinthasintha maganizo ali gone pabedi m'chipinda chotseka makatani. Nsanjayo inatsegulidwa pa 1 Julayi 1969, International inatsegulidwa mawa lake, ndipo m'mwezi womwewo anthu anaponda pa mwezi kwa nthawi yoyamba. Alendo anadya ndi kumwa pamwamba pa Landmark, koma mwini wake sanabwere, ngakhale anali pa mtunda woti munthu n'kuyenda pansi. Sanalowemo tsiku limenelo, sanalowemonso tsiku lina lililonse, pakuti zaka zinayi zonse zimene anakhala ku Las Vegas sanatuluke m'zipinda zake, ndipo atachoka mobisa mu Novembala 1970 kupita ku Bahamas sanabwererenso.

Pano ndifotokoze pang'ono mmene nyumba yotere imapezera ndalama, chifukwa achinyamata athu ambiri amaganiza kuti juga ndi nkhani ya mwayi kapena ya kuchenjera. Pa gudumu lozungulira lotchedwa roulette, monga limaseweredwera ku America, pali timabowo 38 momwe kampira kangagwere. Munthu akabetchera nambala imodzi n'kupata, amamupatsa phindu lokwana ka 35 pa ndalama imene anaika, osati ka 37 monga zikanakhalira masewerawo akanakhala olingana mbali zonse. Kusiyana kochepako kumatanthauza kuti pa madola 100 alionse oikidwa pa gudumulo, nyumba imatsala ndi madola 5 ndi pang'ono, anthu akasewera nthawi yaitali. Sipafunika kubera aliyense, masamu okha amagwira ntchitoyo usana ndi usiku. Masewera a pa foni ndi kubetcha mpira anakonzedwanso pa mfundo yomweyi, ngakhale manambala ake amasiyana, ndipo amene wapata lero amalengezedwa mokweza kuti anthu ochuluka amene aluza asaoneke. Chikepe cha magalasi chija ndi magetsi a pamwamba pa nsanja, ntchito yake inali yakuti munthu aziyang'ana kumwamba m'malo moyang'ana m'thumba mwake.

Ngakhale masamu anali kumbali yake, Landmark sinapindule kwenikweni. Inali pambali pa msewu waukulu wa makasino wotchedwa Strip, zipinda zake zinali pafupifupi 500 zokha, ndipo mahotela aakulu oizungulira anaiphimba. Kampani ya Hughes inaigulitsa mu 1978. Inadutsa m'manja mwa eni ena, ngongole zikuchuluka, mpaka inatsekedwa mu Ogasiti 1990. Bungwe loyendetsa malo a misonkhano ikuluikulu mumzindamo linagula malowo, ndipo m'mawa wa pa 7 Novembala 1995 nsanjayo inagwetsedwa ndi zophulitsa m'timphindi tochepa. Pamalopo anakonzapo poimika magalimoto. Makasino ena asanu aja a Hughes anagumulidwanso onse, womaliza ndi Frontier mu 2007, ndipo Desert Inn, momwe anadzitsekera zaka zinayi, palibenso.

Iye mwini sanaone zonsezi. Atachoka ku Las Vegas anayendayenda m'mahotela a ku Bahamas, Nicaragua, Canada, London ndi Mexico, kulikonse akukhala pa nsanjika yapamwamba, makatani ali otseka. Mkazi wake, Jean Peters, ukwati unatha naye mu 1971 atakhala zaka zambiri osakhala nyumba imodzi. Hughes anamwalira pa 5 Epulo 1976 ali m'ndege yochokera ku Acapulco kupita naye ku chipatala ku Houston. Munthu wamtali masentimita 193 anali atatsala makilogalamu pafupifupi 41, tsitsi ndi zikhadabo zitakula, moti boma linachita kuyeza zidindo za zala kuti litsimikize kuti ndi iyeyo. Sanasiye mwana, sanasiyenso wilo yovomerezeka. Anthu anabweretsa mawilo achinyengo ambiri, milandu inatenga zaka, ndipo pomaliza chumacho chinagawidwa kwa asuweni ake, ambiri mwa iwo osamudziwa bwino. Mlaliki 2 amadandaula za munthu amene asiyira ntchito yake yonse wina wobwera pambuyo pake, osadziwa ngati adzakhala wanzeru kapena chitsiru.

Tsono chimene chandikhudza kwambiri m'mbiri imeneyi si kugwa kwa nsanja, pakuti nyumba zimagwa, ngakhale matchalitchi amagumulidwa akakalamba. Chandikhudza ndi chipinda chija. Hughes anali ndi anthu omutumikira usana ndi usiku, anali ndi madokotala ake, koma onsewo anali pa malipiro ake, ndipo panalibe malume, mlongo kapena bwenzi loti n'kulowa popanda chilolezo, kutsegula makatani n'kunena kuti achimwene, mukudwala, tiyeni ku chipatala. Chuma chinamugulira mphamvu yotsekera kunja aliyense amene akanamuuza zoona, ndipo anaigwiritsa ntchito mphamvuyo mpaka kufa ndi thupi la munthu wa njala.

Pakati pathu palibe amene angagule hotela, koma chipinda chotseka makatani chilipo m'nyumba zathu zambiri. Ndikunena za bambo amene amadikira mkazi wake agone kuti atsegule foni, za mnyamata amene wadya ndalama ya fizi ndipo akubetchanso kuti aibweze makolo asanadziwe, za mayi amene watenga ngongole ku banki m'khonde ponena kuti ndi ya bizinesi, kenako wapita kwa a katapila kuti atseke ngongole yoyambayo. Amene ndacheza nawo pa nkhaniyi, chimene chinawapweteka koposa si ndalama zimene zinapita, koma miyezi imene anakhala akunama ndi kuzemba anthu owakonda, mpaka kusiya kubwera ku mapemphero a mlaga poopa kukumana ndi amene anawakongoza. Paulo polembera Timoteo ananena kuti ofuna kulemera amagwa m'msampha ndipo amadzipyoza ndi zowawa zambiri, ndipo ine ndaona kuti chowawa choyamba chimakhala manyazi amene amamutsekera munthu kwayekha.

Chifukwa cha ichi, tagwirizana ndi akulu ampingo motere. Aliyense amene juga yamugwira, kapena amene wa m'banja mwake yamugwira, abwere kwa ine kapena kwa mkulu wampingo wa mlaga wake. Dzina lake silidzatchulidwa pa gome, ndipo kubwera kwake sikudzakhala chifukwa chomuikira pa chilango. Abwere ndi pepala lolembapo ngongole zonse, ngakhale zimene akuchita nazo manyazi, kuti tikhale pansi ndi atumiki odziwa za ndalama n'kuona poyambira kubweza. Mpingo sudzalipira ngongole za juga, ndipo ndikupempha achibale kuti nawonso asamangotseka ngongolezo mwakachetechete, chifukwa kutero kumangopatsa munthu mpata wobetchanso. Amene tidzaona kuti afunika thandizo la a chipatala pa za maganizo, tidzamuperekeza.

Akulu ampingo, pa maulendo anu a m'makomo mwezi uno, yambani ndi amene asowa ku mapemphero milungu ingapo, ndipo musapite ndi mafunso a bwalo la milandu. Ine ndidzakhala mu ofesi ya mpingo Lachitatu ndi Lachisanu lililonse kuyambira 2 koloko masana, ndipo amene sangathe kubwera masana anditumizire uthenga kuti tipangane nthawi ina.

Ambuye akusungeni inu ndi mabanja anu.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.