Za msana wakowo

Mwana wanga,

Mayi ako amva kwa apongozi kuti masiku ano ukafika kuchokera ku Beira ukumalephera ngakhale kuwerama kuti umange nsapato, ndiye ukungomwa bufeni nkumati ndi kutopa. Si kutopa kokha kumeneko ayi, ndi thirakiyo.

Galimoto ikamayenda imanjenjemera, za injini, za matayala, za msewu, zonsezo zimadzera pampando nkulowa mumsana mwako. Pakati pa mafupa a msana pali timinofu tofewa ngati makushoni, ndiye tikamagwedezeka tsiku lonse iwe uli chikhalire timatha pang'onopang'ono, tsiku lina kamodzi kamatuluka nkukapanikiza mtsempha, apo ndi pomwe munthu amamva ululu ukutsika ndi mwendo mpaka kuphazi, zala kuchita dzanzi. Ikakhala yopanda katundu ndiye imadumpha koposa, ukudziwa wekha.

Mpando uja usautenge mwachibwana. Ngati shoko yake inatha kapena mphepo sikulowa, uwauze abwana akonze, usachite manyazi, matayala amagula bwanji nanga pokhala munthu alephere? Uutchune molingana ndi kulemera kwako osati kungoponyapo pilo. Matayala asamapope mopyola muyeso, pa maenje uzichepetsa liwiro ngakhale akuthamangitse pafoni. Waleti uzichotsa mthumba lakumbuyo.

Koma chomwe chinandidetsa nkhawa ndi chija ndinaona pa Chimbiya, kungoimitsa galimoto basi walumpha kuchokera mkabini mpaka pansi, pompo wasenza thumba la kachewere. Msana woti wagwedezeka kuchokera ku Tete suyenera zimenezo mwana wanga, nthawi imeneyo ndi pomwe umavulala msanga. Uzitsika ndi masitepe utagwirira, uyende kaye, udziwongole, katundu anyamata alipo pamsika asenze uwapatse kangachepe. Pakatha maola awiri uziima ngakhale mphindi 10, paja kugwedezeka komweko kumabweretsanso tulo pa chiwongolero.

Bufeni wa tsiku ndi tsiku amawononga m'mimba ndi impso, ndipo amangobisa vuto. Ulendo uno ukadutsa pa boda upite kuchipatala cha boma ku Dedza akakuone, ndidzakuperekeza ine. Ukaona mwendo ukufooka kapena mkodzo ukuvuta usadikire kuti ulendo uthe, pita kuchipatala chilichonse chomwe chili pafupi.

Upereke moni kwa apongozi ndi adzukulu anga.

Ndine bambo ako,
kuno ku Linthipe