Kamera yaona zipinda ziwiri m'chiberekero changa, kodi ndivomere opaleshoni?

Zikomo Adokotala,

Ndine mayi wa zaka 33 ndipo ndakhala pabanja zaka zisanu ndi chimodzi. Ndapita padera katatu. Mimba ziwiri zoyamba zidachoka zili ndi miyezi itatu, koma yachitatu idafika miyezi isanu, mwana nditayamba kale kumumva akugunda. Imeneyo ndiyo imandisowetsa tulo mpaka lero, chifukwa ndidali nditagula kale kashawelo ndi kabeseni. Kuchimuna adayamba kunong'ona kuti ndidamangidwa, ndipo zitsamba ndamwa zosawerengeka. Amuna anga okha ndiwo sadanditayepo.

Chaka chatha dokotala woona za amayi adati andiunike m'chiberekero ndi kamera, njira imene amaitcha hysteroscopy. Amalowetsa kachipangizo kowonda ngati cholembera kudzera pakhomo la chiberekero, n'kuthiramo madzi amchere kuti mkatimo mufutukuke, kenako zonse zimaoneka pa sikirini. Ndidamva kupotokola ngati kwa tsiku loyamba la msambo, koma sizidatenge nthawi. Atamaliza adandiuza kuti waona zipinda ziwiri m'malo mwa chimodzi, ndipo pakati pake pali kachipupa ka mnofu komwe amati septum. Adafotokoza kuti chiberekero cha mwana wamkazi chimapangika kuchokera ku timachubu tiwiri timene timalumikizana iye adakali m'mimba mwa mayi wake, ndipo chipupa cha pakati chimayenera kusungunuka. Kwa ine akuti sichidasungunuke. Ndiye kuti ndidabadwa nacho, palibe adandilodza.

Ndinene zoona, tsiku limenelo ndidatuluka m'chipatala mtima uli mbee. Vuto lidali litapezeka, lili ndi dzina, ndipo adokotalawo adati kachipupako akhoza kukadula pogwiritsa ntchito kamera yomweyo, osang'amba pamimba.

Mchemwali wanga, yemwe ndi namwino, adandikakamiza kuti ndikamvenso kwa dokotala wina tisanalipire. Apa m'pamene mutu wanga udaima. Wachiwiriyu adati kamerayo siinama pa zomwe yaona, koma imaona mkati mokha. Adandipatsa chitsanzo cha munthu amene ali m'nyumba n'kuona zipinda ziwiri: sangadziwe ngati ndi nyumba imodzi yogawidwa ndi chipupa kapena ndi nyumba ziwiri zogundizana, pokhapokha atatuluka n'kuyang'ana denga. Akuti pali chiberekero china chimene amati bicornuate, chomwe kunja kwake chimakhala cholowa mkati pamwamba ngati chithunzi cha mtima, ndipo ukachiunika ndi kamera chimaoneka chimodzimodzi ndi cha septum. Chimenecho ukachidula poganiza kuti ukudula kachipupa, ukhoza kuboola chiberekero chenichenicho. Adati ngakhale X-ray ija yothira mankhwala m'chiberekero ndi m'machubu, ya HSG, ili ndi vuto lomweli. Choncho akufuna ndijambulitse kaye sikani ya 3D kapena MRI kuti aone maonekedwe a kunja, apo ayi alowetse kamera ina pamchombo. Adawonjezanso kuti ndiunikitse impso, poti amayi ena obadwa ndi chiberekero chotere amapezekanso ndi impso imodzi kapena yokhala malo olakwika. Zimenezi woyamba uja sadazitchule n'komwe.

Ngati kuti izi sizikukwanira, mchemwali wanga yemweyo adandiwerengera za kafukufuku amene adatuluka mu 2021, wotsogoleredwa ndi madokotala a ku Netherlands. Adatenga amayi 80 okhala ndi septum, ena n'kuwadula, ena n'kuwasiya, ndipo sadapeze kuti odulidwawo adabereka ana amoyo kuposa anzawo. Iye akuti amayi 80 ndi ochepa, tisathamangire kugamula. Koma akutinso opaleshoniyo nthawi zina imasiya zipsera zomata mkati mwa chiberekero. Ine amene ndataya ana atatu, mawu amenewa amandilasa. Kukhala osachita kanthu ndikuona ngati ndikudikira maliro achinayi, koma kudulidwa chinthu chimene sanachitsimikize ndikuopanso.

Ndalama tidasonkha ndi za opaleshoni yokha, ndipo zina tidakongola kubanki m'khonde. Tikazipititsa ku MRI, opaleshoniyo iyenera kudikira mwina chaka chathunthu, ndipo zaka zanga sizikubwerera m'mbuyo. Amuna anga akuti titsatire dokotala woyamba, poti iyeyo adaona ndi maso ake. Ine mtima wanga ukukana, ngakhale sindifuna kuoneka ngati ndikunyoza munthu amene adandipezera vuto patatha zaka zonsezi.

Ndithandizeni, Adokotala. Kodi zimene hysteroscopy yaonetsa n'zokwanira kuti munthu agonekedwe pa tebulo la opaleshoni, kapena dokotala wachiwiriyu akunena zoona kuti kunja kwa chiberekero kuyenera kuoneka kaye? Nanga sikani ya 3D payokha ingakwanire, kuti ndisalowe m'ngongole ina ya MRI? Ndipo zikatsimikizika kuti ndi septum, inuyo mukadakhala mlongo wanga mukadandiuza kuti ndidulitse, kapena ndiyesenso kutenga pathupi madokotala akundiyang'anira? Tsiku la opaleshoni adandipatsa kale, ndi mwezi wamawa, ndipo sindinayankhe.

Ine mayi wothedwa nzeru,
Lilongwe