Kalata yopita kwa Amayi ku Bangula

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana onse. Ndalemba msanga chifukwa ndamva kuti kumudziko kwafala mbiri yoti kuno ku Durban anandin'gamba chifuwa chonse, ndipo inu simukugona tulo. Mbiriyo ndi yabodza. Chibayo chija chinasiya mafinya pakati pa phapo lakumanja ndi nthiti, ndipo paipi yomwe anayamba kundiika inalephera kuwatulutsa popeza anali atalimba. Choncho anandigonetsa ndi mankhwala, naboola timabowo titatu pakati pa nthiti, n'kulowetsa kamera yaing'ono ndi zipangizo zowonda, dokotala akuona zonse za m'kati pa kanema. Njirayi amaitcha VATS. Phapo la mbali yodwalayo amayamba aliphwetsa kuti apeze malo, munthu n'kumapuma ndi linalo.

Mwezi uno ndatumiza R1,500 yokha pa Mukuru, chifukwa andiletsa kunyamula zolemera mpaka mabala atapola. Muilandire nokha, Amayi, musatume achimwene.

Sindinena kuti opaleshoniyi ilibe zoopsa. Asanandisainitse pepala anandiuza kuti magazi akhoza kutayika, bala likhoza kuchita mafinya, mpweya ukhoza kumadontha m'phapo, ndipo zikavuta amatsegula chifuwa monga ankachitira kale. Zimenezi sizinandichitikire. Chinandizunza ndi paipi yomwe anaisiya m'nthiti kuti izitulutsa madzi, moti kutsokomola kunali ululu woopsa, koma anamwino ankandikakamiza kutsokomola ndi kuyenda kuti phapo lifufumenso. Ndili chigonere m'wodimo ndinkangolakalaka nsima ya mapira ndi mlamba wowamba.

Tsopano za ndalama ya mwezi wathawu. Ndinaitumiza kuti Abambo akajambulidwe chifuwa ndi kuyezetsa makhololo pachipatala cha boma ku Nsanje, koma alamu andiuza kuti sanapite, pamene achimwene anaoneka ku Nchalo ndi foni yatsopano. Ndikufuna andiyankhe okha kuti ndalamayo inalowera kuti. Abambo anapuma fumbi la m'migodi nthawi ya TEBA, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za kumigodi ya kuno ku South Africa, ndipo chifuwa chosatha chotere, chowondetsa ndi chotulutsa thukuta usiku, sichofunika mizu. Ngati ndi TB, mankhwala ake ndi aulere ndipo amamwa miyezi 6 osadumphitsa. Mapira a m'nkhokwe musagulitse ngakhale ndowa imodzi.

Akapeza madzi m'chifuwa kapena chotupa n'kuwatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, musawabweze poopa mpeni. Mufunse madokotala ngati njira ya kamerayi ingatheke, chifukwa amaigwiritsanso ntchito podulako kanyama kokayeza kuti adziwe matenda enieni. Ndalama yokwerera basi ndi ya wowadikirira ndidzatumiza ndikangoona pepala la kuchipatala pa WhatsApp, osati mawu apakamwa. Achemwali ndiwo apite nawo, ndipo asunge malisiti onse.

Ndine mwana wanu,
wa ku Durban