Kwa kampani yolemba mamodelo: chotsani zithunzi zanga ndipo mubweze ndalama zanga

Kwa akuluakulu a kampani imene inalengeza pa tsamba lino kuti ikufuna achinyamata oonetsa zovala,

Ndalemba dandauloli poyera chifukwa njira zolankhulirana patokha mwazitseka nokha. Foni ya ku ofesi kwanu imangoitana osayankhidwa, ndipo mauthenga anga a pa WhatsApp mumawawerenga, timizere timasanduka tabuluu, koma yankho silibwera.

Mutalengeza kuti mukufuna atsikana ndi anyamata a zaka 18 mpaka 25, ndinatumiza zonse zimene munapempha: chithunzi cha nkhope yopanda zodzoladzola, china chojambulidwa cham'mbali, china cha thupi lonse nditavala jinzi ndi malaya akuda, pamodzi ndi msinkhu wanga ndi miyezo ya chifuwa, chiuno ndi mahipi. Tsiku lisanathe munandiyankha kuti ndasankhidwa, ndipo ndilipire K30,000 ya fomu kudzera pa Airtel Money. Dzina limene linatuluka pa foni potumiza ndalamazo linali la munthu, osati la kampani, ndipo nditapempha lisiti munandiuza kuti ndidzalipeza pa tsiku loyesedwa. Kufikira lero lisitilo sindinalione.

Pa tsikulo ndinanyamuka ku Zomba m'bandakucha pa minibasi, nsapato za gogoda zili m'jumbo, n'kupeza holo yanu ku Blantyre itadzaza. Aliyense amene ndinacheza naye pa mzere anali atalandira uthenga wofanana ndi wanga, mawu ake omwewo, woti wasankhidwa. Anatimata manambala pachifuwa, natiyendetsa pa simenti yoterera kutsogolo kwa tebulo la anthu amene nthawi yambiri ankayang'ana m'mafoni awo. Mayi amene ankatiyeza ndi tepi ankatchula miyezo mokweza anthu onse akumva, ndipo mtsikana amene anali patsogolo panga anauzidwa kuti achepetse nsima, holo yonse n'kuseka. Kuyeza thupi ndi gawo la ntchito imeneyi, tonse tinabwera tikudziwa zimenezo, koma kuchititsa munthu manyazi pagulu atakulipirani ndalama zake ndi mwano chabe.

Madzulo ake munatiuza kuti amene akufuna kupitirira alipirenso K45,000 ya zithunzi zoonetsa makasitomala, ndipo munakana kuti munthu apite kwa wojambula wake, mukuti wanu yekha ndiye amadziwa zimene msika umafuna. Ndalama zimenezi ndinabwereka ku banki m'khonde m'dzina la mayi anga, ndipo zikubwezedwa ndi chiwongoladzanja. Munalonjeza kuti zithunzi zidzatuluka pakatha masabata awiri pamodzi ndi mgwirizano woti tisainirane. Miyezi yadutsa, zithunzi sindinalandire, ndipo mgwirizano sindinauone n'komwe.

Chimene chandiwawa koposa ndi ichi. Mnzanga wina wanditumizira chithunzi cha malonda a sitolo ina ya zovala, ndipo wovala diresi lachitenje pa chithunzicho ndi ine, m'holo yomwe ija, khoma lake lomwe lija. Chithunzichi chili pa Facebook komanso pa chikwangwani cha pakhomo pa sitoloyo ku Limbe. Mwini sitolo nditamufunsa mwaulemu, anandiuza kuti anagula zithunzizo kwa inu. Ndiye kuti ine ndinalipira kuti ndijambulidwe, inu n'kugulitsa nkhope yanga, n'kudya mbali zonse ziwiri, pamene mwini nkhopeyo sanapatsidwe ngakhale chithunzi chimodzi chosunga m'foni. Palibe pepala limene ndinasainira lokulolani kutero. Kwathu achibale akuganiza kuti ndayamba kulandira ndalama ndipo ndikubisa, moti ndatopa n'kufotokoza.

Musaganize kuti chifukwa ndife ongoyamba kumene ndiye kuti sitidziwa mmene ntchito imeneyi imayendera. Kampani yeniyeni ya mamodelo imapeza phindu pamene modelo wapeza ntchito: imamufunira kasitomala, imakambirana mtengo, kenako imatengapo gawo lake, limene nthawi zambiri limakhala pafupifupi 20 pa 100 iliyonse. Mgwirizano wake umanena kuti chithunzi chidzagwiritsidwa ntchito kuti, kwa nthawi yotalika bwanji, ndiponso pa malipiro otani, chifukwa mtengo wa chithunzi cha pa intaneti ndi wosiyana ndi wa chikwangwani cha mumsewu. N'chifukwa chake kampani yotere imakana anthu ambiri, popeza kulemba munthu amene sangapeze ntchito n'kudzitayitsa nthawi. Koma inu simunakane aliyense amene anali ndi K30,000, ndipo zimenezi zikuonetsa kuti malonda anu enieni ndi mafomu.

Palinso nkhani ya mapepala athu. Fomu yanu inafuna chithunzi cha chiphaso cha unzika, nambala ya pasipoti kwa amene ali nayo, ndi nambala ya foni ya kholo, ati pokonzekera ntchito za kunja. Sindikukunenani kuti mumazembetsa anthu, koma m'dziko limene tinamva za amayi athu amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino n'kukazunzika m'nyumba za anthu, kholo lililonse lili ndi chifukwa chofunsira kumene mapepala a mwana wake akusungidwa ndiponso amene akuwaona. Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko limateteza zinsinsi za munthu, ndipo kuyambira mu 2024 tili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, limene bungwe la MACRA limayang'anira.

Chimene ndikufuna n'chosavuta. Muuze sitolo ija ichotse chithunzi changa pa Facebook ndi pakhomo pake, kapena, ngati ikufuna kupitiriza kuchigwiritsa ntchito, tikhale pansi tilembe mgwirizano ndipo ndilipidwe. Mundibwezere K75,000 yanga pa nambala yomwe inatumiza ndalamazo, ndipo mundilembere kalata yotsimikiza kuti mwafufuta chiphaso changa m'makompyuta ndi m'mafoni anu. Zithunzi zimene ndinalipira sindikuzifunanso.

Mauthenga onse a Airtel Money ndinasunga, chimodzimodzinso zokambirana zathu za pa WhatsApp ndi chithunzi cha chikwangwani cha ku Limbe. Anzanga ena a m'holo ija tapezana, ndipo nawonso ali ndi umboni wawo. Ngati pofika masiku 14 kuchokera lero simunayankhe, tidzakatula nkhaniyi ku bungwe la CFTC, limene limamva madandaulo a ogula, komanso ku MACRA ndi kupolisi. Mukayankha, yankhani pansi pa uthenga uno kuti enawo aone nawo, ndipo musaufufute monga munachitira ndi funso limene ndinalemba pansi pa chilengezo chanu chatsopano.