Lipoti la msonkhano wa makalata a akuluakulu a nkhondo ya Chiwaya

A wapampando ndi aphunzitsi anzanga,

Ndabwerako ku Zomba kumene munandituma. Ndalama imene munasonkha inakwanira, ndipo malisiti ndapereka kale kwa msungichuma. Msonkhano unali wa masiku awiri, koma ndikamba kwambiri za tsiku loyamba, chifukwa ndi limene likundisowetsabe tulo.

Mutu unali makalata amene akuluakulu a asilikali ankalemberana pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ija agogo athu ankaitcha ya Chiwaya. Osati malipoti opita kuboma ayi, koma makalata a munthu kwa munthu mnzake. Tinachedwa kwambiri pa kalata ya Jan Smuts, amene ankatsogolera asilikali a Britain kum'mawa kwa Africa, yopita kwa mdani wake Paul von Lettow-Vorbeck wa ku Germany chakumapeto kwa 1916. Lettow-Vorbeck anali kutchire, uthenga wochokera kwawo usakumufika bwino, ndipo nkhani yoti mfumu yake yamupatsa mendulo yapamwamba ya Pour le Mérite anaimva kwa Smuts. Smuts anamufunira mafuno abwino, iye n'kuyankha mwaulemu, kwinaku mfuti zikulira. Awiriwa anadzaonana maso ndi maso ku London mu 1929 pa phwando la amene anamenya nkhondoyo, ndipo itatha nkhondo yachiwiri Smuts ankatumiza chakudya kwa mnzakeyo, amene anali atasauka.

Ambiri m'holo anaomba m'manja. Ine manja anandilemera. Agogo anga aamuna anali mtengatenga, wosenza katundu wa asilikali pa nkhondoyo.

Mayi wina wophunzitsa ku yunivesite ndiye ananena zimene zinali kukhosi kwanga. Anatikumbutsa kuti mu May 1916 Edward Northey anatsogolera asilikali a Britain kuchokera m'malire a Nyasaland ndi Northern Rhodesia kulowa m'dziko limene Ajeremani ankalamulira, kumene lero ndi ku Tanzania, ndipo chakudya chawo chinkakwera sitima ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, n'kukatsika kumpoto kwa nyanja. Kuchoka apo chinkayenda pamutu pa anthu, mapiri onse aja, mvula ndi dzuwa. Amuna pafupifupi 200,000 a kuno anasenza katundu pa nkhondoyi, ambiri mochita kugwidwa, ndipo ena pafupifupi 19,000 anali asilikali. Koma m'zolemba za akuluakuluwo anthu amenewa amatuluka ngati chiwerengero chabe: akufunika angati, athawa angati, adwala angati. Mdani wachizungu ali ndi dzina ndi ulemu, pamene wosenza ufa wa bwana ndi nambala.

Apa panabuka kusiyana maganizo. Bambo wina wachikulire, msilikali wopuma, anati tisanyoze ulemu wa pakati pa adani, chifukwa ndi umene unkachititsa kuti akaidi ena amasulidwe atangolonjeza kuti sadzagwiranso mfuti. Ndikuvomereza, ndipo ndinakawagwira chanza. Ndinangowafunsa kuti ulemuwo unkafika pa yani.

Nditapatsidwa mpata ndinatchula kalata ina ya nthawi yomweyo, ngakhale wolemba wake sanali msilikali. Mu November 1914, patangopita miyezi iwiri chichitikire nkhondo ya ku Karonga, John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene amphawi akuferera pa mkangano wosawakhudza, n'kusiya akazi amasiye ndi ana, pamene olemera ali phee. Boma linaitsekereza kalatayo. Kwa ine makalata awiriwa ayenera kuwerengedwa pamodzi m'kalasi, ndipo ambiri anagwirizana nazo.

Tinamaliza tsikulo ndi uthenga wouza Lettow-Vorbeck kuti nkhondo yatha, wochokera kwa Jacob van Deventer, amene pa nthawiyo ankatsogolera asilikali a Britain kum'mawa kwa Africa. Nkhondo inaleka ku Ulaya pa 11 November 1918, koma Lettow-Vorbeck anatsimikiza za nkhaniyi pa 14 November ali pa mtsinje wa Chambeshi, n'kukatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 November. Iye anakalandiridwa ngati ngwazi ku Berlin. Amtengatenga anabwerera kumudzi pa nthawi imene chimfine choopsa chija chinkapulula anthu.

Tsiku lachiwiri linali la kasamalidwe ka mapepala akale ndi kafufuzidwe ka zolemba ku National Archives. Ndabweretsa timapepala tofotokoza zimenezi, aliyense atenge kake. Madzulo tinakaona chipilala cha asilikali a King's African Rifles. Ndinawerenga mayina mpaka kunayamba kuda, koma la agogo anga sindinalipeze.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tigamule zinthu ziwiri. Choyamba, tiyambe kuphunzitsa kalata ya Smuts pambali pa ya Chilembwe. Chachiwiri, chimene ndikuchiona kuti n'chachangu, titume ophunzira kukafunsa kwawo mayina a makolo amene anapita ku Chiwaya, kumene anakafika, ndi nyimbo zimene anabwera nazo. Amene anamva nkhanizi pakamwa pa eni ake ndi okalamba tsopano. Pakufunika makope ndi foni imodzi yojambulira mawu, ndipo mtengo wake ndaulemba ndaupereka kwa alembi kuti tikambirane.