Kwa Tadala, amene akuphunzira za malamulo

Mwana wanga Tadala,

Kuno ku Kawale tadzuka bwino, kungoti bondo la bambo ako layambiranso ndi kuzizira kwa Juni uno. Ya mabuku ija ndatumiza pa Airtel Money.

Azakhali ako alengeza kale kutchalitchi konse kuti kwathu kwabadwa loya. Ine ndawawongolera, nawenso uziwawongolera anthu. Iwe ukuphunzira kukhala paralegal, wothandiza anthu pa za malamulo koma wosakhala loya, ndipo usadzalandire ndalama ya munthu amene akuganiza kuti walemba loya. Koma usaderere ntchito yakoyo, poti ine ndinaiona ndi maso angawa.

Unali wamng'ono pamene amalume ako anamangidwa pa nkhani ya njinga ija. Pabanja pathu panalibe ankadziwa kuti gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Sitinkadziwanso kuti belo ya kupolisi ndi yaulere. Ndinagulitsa mbuzi ziwiri n'kupatsa bambo wina wa jekete yemwe ankangoti "mawa atuluka, mayi". Mawa lakelo linatha miyezi isanu, munthu ali pa rimandi. Amene anatitsegula maso ndi mtsikana wina wa paralegal, wamsinkhu wakowu, yemwe ankalowa m'ndendemo n'kumaphunzitsa akaidi kapemphedwe ka belo. Ankawachititsa ngati sewero, wina akhale woweruza, wina woimbidwa mlandu, mpaka mantha atha. Amalume ako anakadzipemphera okha belo, n'kutuluka. Ntchito yotereyi inayamba m'ndende zathu mu 2000, ndipo bungwe lake ndi lija la ma paralegal lotchedwa PASI (Paralegal Advisory Service Institute).

Tsono aphunzitsi akakudzazani Chingerezi cha malamulo masana, madzulo uziyesa kuchinena m'Chichewa choti agogo ako angamve. Chikakukanika, ndiye kuti sunachimvebe. Kukhoti nkhani imayenda m'Chingerezi, womasulira n'kumathamanga nayo, ndipo munthu wamantha amangoti "eya bwana" osadziwa kuti wavomera mlandu. Mayi amene alamu ake amulanda nyumba maliro asanazizire sasowa mawu akuluakulu. Akufuna wina akhale naye pansi n'kumuuza kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda kotero ndi mlandu, kenako amulozere khomo loti akagogode.

Wandidandaulira kuti phunziro la kasungidwe ka mafayilo limakugonetsa tulo. Dzuka, mwanawe. Fayilo ikasowa kapena deti ikalembedwa molakwika, amene amagona pasimenti si iwe. Uphunzirenso kulemba zimene munthu wanena, osati zimene iwe ukadakonda kuti anene.

Nthawi yokaphunzirira pantchito ikakwana, anzako adzathamangira maofesi a maloya a ku City Centre. Ine ndikadakonda uyambe wayesa ku Legal Aid Bureau, kumene kumapita anthu osakwanitsa kulipira loya, kapena kwa amene amayendera akaidi ku Maula. Koma zimenezo usankha wekha. Changa n'chakuti za anthu zimene udzamve kumeneko usadzazitulutse, ngakhale kwa ine, ngakhale ndidzakunyengerere ndi futali.

Ukamabwera patchuthi utenge mabuku ako. Anachisale apafupi nafewa ali ndi pepala la malo limene likuwasowetsa tulo, ndipo ndawauza kale kuti udzangowawerengera n'kuwauza koyenera kupita.

Ndine mayi ako.